Mzere Umene Ndinaugoneka

Chaka chimene ndinachoka kwathu sindichikumbuka. Chimene ndimakumbuka n'chakuti mvula inali itachedwa, ndipo basi inanditsitsa m'tawuni ina ya njanji, kumene sitima inkangodutsa osaima. Ndinali mtsikana wodziwa kutayipa basi, ndipo ndi kaluso kameneko ndinapeza malo m'kashopu ka makompyuta ka a Pindani, kuseri kwa msika.

A Pindani anali bambo wamtali, wosalankhulalankhula, wa maso ofiira chifukwa choyang'ana kompyuta zaka zambiri. Anthu ankabwera kudzalembetsa mayeso ndi kudzafunsira ntchito pa intaneti, ine n'kumatayipa dzina lililonse mpaka mfundo za zala kuwawa. Tsiku lina anandiitana kuti ndiime kumbuyo kwawo. Anadina batani limodzi n'kupinda manja. Tsamba la pa intaneti linatseguka lokha. Mayina anayamba kudzilemba m'timabokosi, kamuvi kakuyenda kokha, kudina apa, kudina apo, popanda dzanja lokagwira. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Iwo sanandiseke. Anati panalibe zamatsenga. Anali malangizo olembedwa mzere ndi mzere, amene a ntchitoyi amati sikiripiti, ndipo kompyuta imangowatsata monga mlendo atsatira njira imene wauzidwa: tsegula tsamba ili, dikira pang'ono, lemba dzina apa, dina apo.

Ndinaphunzira pang'onopang'ono. Mzere ukandisokoneza ndinkangoufufuta, mawa lake n'kumaufunanso, osakumbuka momwe unalembedwera. Tsiku lina ndili pafupi kufufuta wina, a Pindani anandigwira mkono.

"Usafufute, mwananga. Ugoneke."

Anandionetsa kagonekedwe kake. Kutsogolo kwa mzere umaika hashi, kachizindikiro komwe kaja timadina pomaliza tikamagula mayunitsi a foni. Mzerewo umatuwa nthawi yomweyo. Mawu ake onse alipo, maso ako akuwaona, koma kompyuta ikafika pamenepo imangolumpha ngati palibe kanthu. Ukachotsa hashiyo, mzere umadzuka n'kuyambiranso ntchito yake. Anati wogoneka mzere azilemba pambali chifukwa chake, tsiku lake ndi dzina lake, pakuti mutu wa munthu ndi dengu lobooka. Anatinso amene wagoneka ndiye wodzutsa, palibe wina adzamudzutsire.

Maso awo anapitiriza kufa. Anayamba kundifunsa kuti ndiwawerengere zimene iwo eni analemba. Kenako mwana wawo anabwera ndi galimoto kudzawatenga, pakhomo pa shopu n'kupachikapo loko. Ndinaima panjanji ndi chikwama changa mpaka sitima inadutsa, kenako ndinapita kokwerera basi.

Tawuni yachiwiri inali ya fumbi ndi nyumba zazikulu zosungiramo katundu. Kumeneko ndinalembedwa ntchito ndi bungwe lina lolembetsa alimi oti alandire mbewu. Anandipatsa chipinda cha windo loyang'ana khoma, ndi sikiripiti imene anasiya anthu amene anachoka kale. Ndinaitsegula. Mizere yotuwa inali yambiri kuposa yamoyo. Pambali pa uliwonse panali timawu: kwa kanthawi, ndibwezera mawa, musakhudze. Panalibe tsiku, panalibe dzina. Mayi Nangozo, amene ankatiyang'anira, anandiletsa kudzutsa ngakhale umodzi, chifukwa panalibe amene ankadziwa chimene ungachite ukadzuka. Kufufuta nakonso ankaopa, kuti mwina tsiku lina udzafunika.

Masana ena iwo atatuluka ndinadzutsa umodzi, kungofuna kuona. Kamuvi kanapita patsamba limene linatsekedwa kalekale, n'kuima pamenepo kakudikira batani lomwe kulibe, ngati munthu wogogoda panyumba ya anthu amene anasamuka. Ndinaugonekanso msangamsanga. Tsiku lomwelo kutentha kunandigonjetsa, ndinasinza padesiki. Ndinalota ndili m'chipinda chachitali chopanda mapeto, anthu atagona m'mizere pansi, atafunda mabulangete otuwa, maso ali chipenyere. Aliyense amene ndinkamudutsa ankatembenuza mutu n'kundifunsa motsitsa kuti, kodi ndi lero?

Bungwelo linatha monga amathera mabungwe. Makompyuta anawanyamula m'makatoni, mizere yotuwa ija ili chigonere m'kati mwake.

Ndinayendanso. Ndinafika paboma lina la m'mapiri, kumene nkhungu inkakhala mpaka dzuwa kufika pamutu. Panali chipatala chaching'ono cha njerwa zofiira, ndipo ankafuna munthu wosamalira sikiripiti yawo. Ntchito yake inali iyi. Lolemba lililonse m'mawa, kompyuta inkayamba yokha, kutsegula tsamba la mayina a anthu amene tsiku lawo lodzatenga mankhwala otalikitsa moyo layandikira, kutenga nambala za foni, kutsegula tsamba lina lotumizira uthenga, n'kumatumiza kwa mmodzimmodzi kuti tsiku lanu ndi lakuti, musaphonye.

Tsiku langa loyamba, nesi wamkulu, a Malizani, anatseka chitseko n'kukhala moyang'anizana nane. Anali mayi wonenepa, wa mawu apansi, amene sankabwereza chinthu kawiri. Anandionetsa kuti mayina ena ali ndi kadontho kofiira pambali. Amenewo, anatero, ndi anthu amene foni ndi ya pabanja, kapena ndi ya mwamuna, ndipo kunyumbako sadziwa kuti akumwa mankhwala. Amenewo uthenga usawapeze zivute zitani. Anandiuza kuti ndiwaonetse mzere umene umateteza anthu amenewa. Ndinaupeza. Unali umodzi wokha, waufupi, woti ukaona dontho lofiira, lumpha dzinalo. Anauloza ndi chala mpaka chala kusiya chidindo pagalasi.

Ndinakhala pamenepo nyengo yabwino ndithu. Ndinkakonda kufika Lolemba n'kupeza ntchito yatha ine ndisanavule juzi.

Kenako eni tsamba la mayina lija anasintha maonekedwe ake. Dontho lofiira analisunthira kwina, ndipo sikiripiti ikafika pamzere uja inkangoima, kufunafuna dontho pamalo akale. Linali Lachisanu. Ndinafuna kudziwa ngati mbali zina zonse zikuyenda bwino, choncho ndinaika hashi kutsogolo kwa mzerewo, n'kuyesa ndi mayina ongopeka. Zonse zinayenda. Pambali pake ndinalembapo kuti kwa kanthawi. Ndinati ndikabwerako kokadya ndiukonza n'kuudzutsa.

Ndili panjira yopita kokadya, mlongo wanga anaimba foni. Amayi anali atagwa kumunda, ndipo pofika nawo kunyumba anali atatsirizika. Sindinabwererenso mu ofesi. Ndinakwera galimoto yoyamba imene inaima.

Maliro anachedwa podikira abale akutali. Lolemba m'mawa ndinali nditakhala pakati pa azimayi m'nyumba ya siwa, mutu wanga uli pamiyendo ya azakhali. Sindidziwa chimene chinandikumbutsa. Ndinangoona m'maso mwanga mzere wotuwa uja, ndi kamuvi kakuudumpha. Ndinadzambatuka n'kutuluka osavala nsapato. Kwathu foni imagwira pamwamba pa chulu chimodzi chokha, kutsidya kwa dambo. Ndinathamanga, chitenje chikukodwa m'minga. Pomwe a Malizani ankayankha foni yanga, kompyuta inali itamaliza kale. Popanda mzere woiimitsa, inayenda bwino kuposa masiku onse.

Mayina a dontho lofiira a sabata imeneyo analipo khumi ndi limodzi.

Nditabwerera, a Malizani sanandikalipire. Anandipepesa za maliro, n'kundisiya ndikhale pampando wanga. Ndinakonza mzere uja, ndinachotsa hashi, mawu ake n'kuderanso ngati kale. Ndinawauza kuti tsopano wadzuka. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Wadzuka, inde. Nanga anthuwa?"

M'masabata otsatira anthuwo anabwera mmodzimmodzi. Wina anabwera akuseka, kuti mwamuna wake ankadziwa kale koma ankangomuyang'ana. Wina anabwera ndi diso lotupa, nati wagwa pachitsime. Wina anabwera kudzanena kuti dzina lake alifufute, sadzabweranso. Ine ndinkawaona pawindo, osadziwa kuti ndi uti, koma a Malizani akalowa madzulo ankangonena chiwerengero: asanu ndi awiri, asanu ndi atatu. Chinafika pa khumi n'kuima. Wotsalayo dzina lake anali Mwatitha. Zinamveka kuti mwamuna wake anawerenga uthengawo pamaso pa abale, namuthamangitsa tsiku lomwelo. A zaumoyo anapita kawiri kumudziko, koma anakapeza nyumba yotseka, mwamunayo atasamuka ndi ana.

Palibe anandichotsa ntchito. Ndinachoka ndekha, nditamva kuti Mwatitha anamuona akukwera lole yopita kuchigwa.

Zaka zimene zinatsatira zimandisokonekera. Ndinafika m'tawuni ya mpunga, kumene amayi amapeta m'mbali mwa msewu, ndinafunsa za Mwatitha, anati anali pano koma wachoka mwezi watha. Ndinafika pamalo ena pa mlatho waukulu, pogulitsira nsomba zouma, anati anali pano, ankatsuka mbale kwa mayi uje, wachoka mwezi watha. Kulikonse ndinkapeza kaganyu ka makompyuta, pasukulu, pa ofesi ya mpingo, m'shopu yosindikiza makadi a ukwati, ndipo kulikonse ankandipatsa chipinda cha windo loyang'ana khoma. Ntchito ndinkaidziwabe, ndipo kugoneka mizere sindikanasiya, chifukwa popanda kutero sungapeze pamene pavuta. Koma ndikaika hashi sindinkadzuka pampando mpaka nditaichotsa. Ngakhale ludzu lindigwire, ngakhale foni ilire, ndinkakhala pomwepo dzanja lili pabatani. Anzanga ankati ndine wamwano chifukwa sindinkayankha moni.

Mwatitha ndinamupeza m'tawuni ya m'malire, pachigayo. Anali mayi wamfupi, ufa utamuyeretsa nsidze ndi tsitsi, mkono wake wamanzere wopindika pang'ono ngati unathyoka n'kupola wokha. Ndinadikira mpaka magetsi anazima chigayo n'kukhala chete, kenako ndinamupempha kuti tikhale kuseri, pamatumba a gaga.

Ndinamuuza zonse. Ndinayamba ndi Lachisanu lija, ndinanena za amayi anga, ndinanena za chulu. Za sikiripiti sankamva bwino, choncho ndinatola kamtengo n'kujambula hashi pafumbi la ufa. Anaiyang'ana.

"Kameneka?"

"Kameneka, mayi."

"Nanga inuyo munkandidziwa?"

Ndinati ayi. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu chomwe sagula. Anati zaka zonsezi ankaganiza kuti ndi mnansi wake wina amene anakamunenera kuchipatala mwa nsanje, ndipo ankamutemberera tsiku lililonse. Tsopano sadziwa kuti matembererowo apite nawo kuti. Sanandikhululukire, ndipo sindinamupemphe. Anafufuta chizindikirocho ndi phazi.

Kenako anandiuza chimene a Malizani sakanandiuza. Mwana wake wamng'ono, Sigele, nayenso ankamwa mankhwala. Ankamupatsa mobisa, kumunamiza kuti ndi a chifuwa, ndipo botolo ankalibisa m'thumba la chimanga. Tsiku lomuthamangitsa sanapeze mpata woti alitenge kapena kuuza munthu. Anayesapo kubwerera kamodzi, achimwene a mwamuna wake anamubweza ndi zikwanje. Iye mwini anapeza chipatala china n'kupitiriza kumwa, koma m'mawa uliwonse akameza piritsi lake ankafunsa kuti la mwana akumupatsa ndani. Anamva kuti mwamunayo, a Kamphinda, ndi mlonda pa esiteti ina kutsidya kwa mtsinje.

"Ine akandiona andipha," anatero. "Inu sakudziwani. Pitani mukangondionera ngati alipo."

Anandipatsa nambala ya mwini chigayo.

Ulendowo unanditengera masiku atatu. Ndinawoloka mtsinje pabwato, n'kuyenda pakati pa minda ya esiteti yofanana yokhayokha, mizere ya mitengo yosatha, popanda munthu wokumana naye. Nyumba za antchito zinali kumapeto, zonse za laimu wothothoka. Linali dzuwa la masana loswa mtengo, koma pakhonde pa nyumba yomalizira panakhala kamtsikana katafunda bulangete. Miyendo yake inali ngati timitengo, ndipo m'mbali mwa milomo munali zilonda. Kanandiyang'ana osaphethira. Ndinakafunsa dzina, kanati Sigele.

Bambo wake anatuluka akumanga lamba, tulo tili m'maso. Ndinkayembekezera chimunthu choopsa. Ndinaona munthu wowonda, wotsokomola, malaya akumulendewera m'mapewa. Anandiyang'ana nsapato, anandiyang'ana chikwama, kenako anayang'ana uku ndi uku ngati pali womvetsera.

"Ndinu a kuchipatala?"

Ndinati ndinagwirako kale. Analowa m'nyumba, ine ndikuyang'ana njira yothawira. Anatuluka ndi foni yakale yomangidwa ndi mphira. Anadinadina n'kundipatsa. Uthenga uja unalimo. Ndinawazindikira mawu ake onse, chifukwa ndine ndinawakonza kalekale kuti akhale aulemu.

Analankhula atayang'ana pansi. Anati patapita sabata atathamangitsa mkazi wake, anapeza botolo m'thumba la chimanga, dzina la mwana litalembedwa pamenepo. Anamvetsa. Anapitiriza kumupatsa piritsi limodzi limodzi mpaka botololo linatha. Kupita kuchipatala anachita mantha, pakuti mudzi wonse unamumva akukuwa kuti m'nyumba mwake mulibe matenda amenewo. N'chifukwa chake anasamuka. Anadziuza kuti uthenga wina ukabwera wonena tsiku, anyamuka ndi mwana, pakuti adzakhala woitanidwa, osati wodzipereka yekha. Sanasinthe nambala. Lolemba lililonse ankapereka foni kwa kapitawo kuti aitchaje, n'kumadikira.

"Unabwera umodzi wokha basi. Munasiyiranji kutumiza, mayi?"

Ndinkadziwa chifukwa chake. Dzina la Sigele linalembedwa pa nambala yomweyo, ndi dontho lofiira lomwelo. Kuyambira tsiku limene ndinachotsa hashi ija, Lolemba lililonse kompyuta inkafika padzina la mwanayo n'kulilumpha, monga momwe ndinaikonzera.

Sindinawafotokozere. Ndinawabwezera foni n'kunena kuti ndatumidwa kudzawauza pakamwa, tsiku lake ndi lero.

Mwanayo ndinamubereka ndekha ndi chitenje changa. Anali wopepuka moti ndinkapapasa kumbuyo kuti nditsimikize ngati alipo. Chipatala cha mishoni chinali kuseri kwa phiri. A Kamphinda ankatitsatira patali, ife tikaima iwonso n'kuima, ngati munthu amene akungopita kwake njira imodzi ndi alendo. Pachipata anatsalira pansi pa mtengo.

Nesi wa kumeneko, mtsikana wa msinkhu wanga wa kale, anamuika Sigele pasikelo, nayang'ana nambala. Anaitana dokotala. Anakambirana motsitsa, kenako anandiuza kuti tachedwa kwambiri, koma osati kotheratu, ndipo mwana amugoneka. Nesiyo anatenga fomu n'kundifunsa dzina la kholo, nambala ya foni, ndiponso ngati kunyumbako n'kololedwa kutumizako uthenga. Ndinatsegula pakamwa, koma yankho silinali langa.

Mawu anachokera pakhomo. A Kamphinda anali ataima pamenepo, chipewa chili m'manja. Anatchula nambala yonse pang'onopang'ono, anthu a pabenchi akumva.

"Muzitumiza," anatero.

Kenako anakhala pansi kumapeto kwa benchi, napinda mkono wa malaya, n'kufunsa mayi amene anali pafupi nawo ngati mzere woyezetsa magazi ndi womwewu.

Ine ndinatuluka panja n'kuimba nambala ya mwini chigayo. Kunamveka phokoso la makina, ndi munthu akukuwa dzina la Mwatitha kawiri, katatu. Chigayo chinazimitsidwa. Ndinamva mapazi akubwera, kenako kupuma kwa munthu pafoni.

"Alipo," ndinatero asanafunse.

Patapita nthawi ndinamva chigayo chikuliranso kumbuyo kwake, wina akumuitana kuti abwere adzagwire thumba, koma iye foni sanadule.